Mwana wanga akuti agogo amayankhula ngati mlonda wa pa kanema

Funso: Ine kwathu ndi ku Machinga, bambo a kunyumba ndi a ku Rumphi, koma tikukhala ku Lilongwe. Mwezi watha mayi anga anabwera kudzationa. Tsiku lina madzulo mwana wathu wa zaka 8 anawaseka, n'kunena kuti agogo amayankhula ngati mlonda wa pa TV. Zinandiwawa mumtima. Chichokereni tsikulo ndakhala ndikuonetsetsa, ndipo ndaona kuti m'masewero ndi m'mauthenga amalonda, woyankhula Chichewa chopendekera ku Chiyao amakhala mlonda kapena telala, wakumpoto amakhala wonyada ndi chizungu, pomwe bwana sadziwika kwawo. Kodi amachita dala? Kapena ndikungokokomeza? Nanga mwanayu ndimuuze chiyani? — Mayi wodandaula, Area 25

Yankho: Mayi, simukukokomeza ayi. Zimene mwaonazo zilipodi, ndipo mwana wanuyo sanapeke yekha mawu amene anawanenera agogo ake. Anangobweza zimene kanema wakhala akumuphunzitsa madzulo aliwonse inu muli kukhitchini. Ine ndakhala ndikulemba masewero ndi mauthenga amalonda kwa zaka zambiri, poyamba a pa wailesi kenako a pa kanema, choncho mlandu umene mwabweretsawu ukundikhudza nane.

Sindinakhalepo pa msonkhano pomwe wina anati tiyeni tinyoze Ayao, kapena Atumbuka, kapena Asena. Chimene chilipo ndi chizolowezi chakale, ndipo chizolowezi chimavuta kuchithetsa kuposa chiwembu, popeza wochitayo sadziwa n'komwe kuti akulakwira munthu.

Sewero la kuno linakulira m'khutu. MBC inayamba mu 1964, koma kanema woyamba wa dziko lino, TVM, anatsegulidwa mu 1999. Zaka 35 zonsezo anthu ankamvera sewero atazungulira kawailesi ka mabatire pakhonde. Pa wailesi simungaone kuti uyu wavala chijasi cha ulonda, uyu wamanga tayi. Wolemba ali ndi mawu okha, ndipo ayenera kudziwitsa omvera msanga kuti wolowa pakhomoyu ndani. Ndiye kayankhulidwe kanasanduka chovala. Wina akangoti "sikomo achimwene", omvera amaliza kale kumujambula m'mutu. Kanema atabwera, olemba ndi azisudzo ambiri anali omwewo, ndipo anasamukira kumeneko ndi katundu wawo yense. Kamera inkatha kuonetsa chijasi chija ndi chibonga chomwe, koma chovala cha mawu sitinachivule.

Pamwamba pa izo pali nkhani ya 1968. Chaka chimenecho msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa, chomwe kale chinkadziwika kuti Chinyanja, chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chomwe chinkamveka pa wailesi chinachotsedwa. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board yoyang'anira kalembedwe ndi kayankhulidwe koyenera. Chitumbuka chinabwerera pa MBC mu 1994, ndipo m'zaka zotsatira tinayamba kumva nkhani m'Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi Kyangonde. Tangoganizani tanthauzo la zaka 26 zapakatizo. Myao, Mtumbuka kapena Msena sankamveka pa wailesi ya dziko lake akuyankhula chiyankhulo chimene iye ali katswiri. Ankangomveka akulimbana ndi Chichewa, akupunthwa pa zilembo zomwe kwawo kulibe. Munthu amene umangomumva akupunthwa, pamapeto umayamba kuganiza kuti ndi wopunthwa nzeru. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chiyao sichigwiritsa ntchito "z" monga Chichewa, ndiye "zikomo" amatuluka "sikomo". Mtumbuka amati "vinthu" pomwe Mchewa akuti "zinthu". Umenewu si umbuli, ndi lilime la munthu wodziwa ziyankhulo ziwiri. Koma dziko linazolowera kuseka lilimelo lisanamve nzeru zake.

Nanga n'chifukwa chiyani ntchito zake zimakhala zomwezomwezo? Izi ndi zotsalira za nthawi ya atsamunda. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, anasamukira ku Bandawe mu 1881, n'kukamanga sukulu yaikulu ku Khondowe mu 1894. Atonga ndi Atumbuka ambiri anaphunzira msanga ndipo anakhala makalaliki ndi aphunzitsi m'dziko muno mpaka ku Rhodesia ndi ku Joni. Ayao ambiri, pokhala Asilamu, ankaopa kuti sukulu za mishoni ziwatembenuzira ana awo ku Chikhristu, choncho anakangamira malonda, usodzi, utelala ndi usilikali. Alomwe ochuluka anawoloka kuchokera ku Mozambique n'kukagwira thangata m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje. Zinthu zinasintha kalekale, koma sewero lathu likadali kugawa ntchito ngati kapitawo wa nthawi imeneyo. Ndipo chithunzi cha "wakumpoto wonyada ndi sukulu" si nthabwala yopanda mano kwa bambo a kunyumba kwanuwo. Anthu a kwawo amakumbukira chaka cha 1989 pamene aphunzitsi analamulidwa kubwerera kuzigawo za kwawo, amakumbukiranso mkangano wautali wa kota posankha ana opita ku yunivesite. Woseka ku Lilongwe mwina waiwala, koma wa ku Rumphi sanaiwale.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Tinkajambula uthenga wa kampani ina, wa masekondi 30, wophunzitsa anthu kutumiza ndalama pa foni. Nkhani yake inali yoti mlonda sakudziwa kutumiza ndalama kumudzi, ndiye mwana wa bwana akumuonetsa. Titayeserera kawiri, woimira kampaniyo anati sizikuseketsa, mlondayo "aikemo ka Chiyao". Mnyamata amene ankasewera ulondayo kwawo ndi ku Mangochi, ndipo Chichewa chake n'chosalala kuposa changa. Anangoti chabwino, n'kupotoza pakamwa, n'kuyamba kutchula mawu mokokomeza. Tonse tinaseka, kamera inajambula, ntchito inatha. Potuluka ndinamupeza kuseri kwa galimoto akuyankhula pa foni ndi mayi ake. Chimene ndinamva pamenepo chinali china: Chiyao chofewa, chothamanga, chaulemu, chopanda kupunthwa ngakhale pamodzi. Zimene tinajambula zija sizinali Chiyao, sizinali Chichewa, zinali zoseweretsa zomwe tinamukakamiza kuti apange ndi lilime la mayi ake kuti alandire ya sopo. Ine ndinali pomwepo ndipo sindinanene kanthu. Mpaka lero zimandivuta mumtima.

Masekondi 30 ndi mdani wamkulu wa chilungamo pa nkhaniyi. Mulibe nthawi yomudziwa munthu, ndiye wolemba amatola chimene oonera akuchidziwa kale. Kwinaku pali nkhani ya ndalama ndi mtunda. MBC ndi Times ali ku Blantyre, Zodiak ili ku Lilongwe, ndipo makampani okonza mauthenga amalonda, ojambula ndi azisudzo odziwika ali m'mizinda iwiri yomweyi. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Karonga ndi makilomita oposa 800. Mafuta, malo ogona ndi chakudya cha gulu lonse zimadya ndalama yomwe mwini sewero alibe. Ndiye "kumudzi" konse kwa pa kanema kumakhala mudzi womwe uli pafupi ndi tauni, poti galimoto ipite m'mawa n'kubwerako madzulo. Chitipa, Nsanje, Likoma ndi Neno zimaonekera pa nkhani zokha, makamaka kukagwa tsoka.

Tsopano onetsetsani mbali inayo, imene mwaitchula kuti bwana sadziwika kwawo. Banja la mu uthenga wa margarine, wa banki kapena wa inshuwalansi limakhala m'nyumba ya mpanda, pa tebulo pali jagi ya juwisi, ana awiri okha, ndipo onse akuyankhula Chichewa cha m'tauni chosakaniza ndi chizungu. Okonza amati banja limeneli ndi la aliyense, lilibe mtundu. Si zoona. Limenelinso ndi dera, dzina lake Namiwawa kapena Area 47. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi. Anapezanso kuti pa anthu 100, Achewa ndi pafupifupi 34, Alomwe 19, Ayao 13, Angoni 10, Atumbuka 9, ndipo otsalawo ndi Asena, Amang'anja, Atonga, Ankhonde ndi ena. Ayao okha ndi anthu oposa 2 miliyoni. Mwa anthu onsewa muli madokotala, maloya, mashehe, eni mathiraki ndi eni mashopu, amene akabwerera kunyumba amayankhula ngati agogo a mwana wanuyo. Mwana akamaona tsiku ndi tsiku kuti wogula galimoto alibe kayankhulidwe ka kwawo, pomwe wotsegula geti ali nako, amaphunzira phunziro loopsa: kuti munthu atukuke ayenera kuvula kwawo ngati malaya akuda. Chimenechi n'chimene chimandiopsa kuposa nthabwala yeniyeniyo.

Pali mtundu wina wa uthenga umene umaoneka wabwino, uja wa umodzi, womwe umachuluka kukamayandikira 6 July. Kamera imadutsa pa phiri la Mulanje, pa minda ya tiyi, pa bwato la panyanja dzuwa likutuluka, kenako masekondi awiri a ingoma, awiri a beni, awiri a malipenga, awiri a tchopa, awiri a gule wamkulu, pamapeto chizindikiro cha kampani. N'zokongola, sindikana. Koma ndi chikomekome cha mkuyu. M'menemo anthu a m'maderawo amavina basi, sayankhula. Ndiponso magule ena si zokongoletsera. Gule wamkulu amatuluka pa maliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu. Vimbuza ndi gule wa machiritso, wovinayo ndi wodwala. Onse awiri UNESCO inawazindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Kuwadula n'kuwamata pa malonda popanda kufunsa eni dambwe kapena eni ng'oma n'chimodzimodzi kubwereka nsalu ya pamaliro n'kukayala pa msika.

Kusiyana kwenikweni kwa madera sikuli pa chovala kapena pa katchulidwe. Kuli pa m'mene anthu amaweruzira nkhani za moyo wawo, ndipo apa ndi pamene masewero athu amataya chuma chambiri. Kwanu ku Machinga mwamuna amakalowa chikamwini, munda ndi wa kuchikazi, ndipo mawu omaliza pa ana amakhala ndi atsibweni awo. Kwa bambo ku Rumphi mkazi amalowoledwa, amapita kukakhala kuchimuna, ndipo ana ndi a bambo awo. Ndiye mwana wanu wa zaka 8 uja, kwawo n'kuti? Akuchikazi akuti ndi wathu, akuchimuna akuti ndi wathu, ndipo onse akunena zoona malinga ndi mwambo wawo. Maliro akagwa, akaikidwa kuti? Nyumba ya ku Area 25 idzakhala ya yani? Mayi, banja lanulo ndi sewero la magawo makumi angapo lomwe palibe walilemba bwino, pomwe mabanja otere adzaza m'Lilongwe, m'Mzuzu ndi m'Blantyre. Mulibemo chitsiru, muli anthu anzeru awiri ochokera m'malamulo awiri. M'malo mwake tikutaya nthawi ndi mlonda wolephera kutchula "z".

Ndinathandizapo kulemba sewero lina la kulanda chuma cha masiye. Pa pepala tinati nkhani ikuchitikira ku Mzimba, koma tinajambulira m'mudzi wina kufupi ndi Lunzu chifukwa cha ndalama. Pokambirana mlandu tinaika malume wa mkazi akulamula za ana ndi za munda, ngati kuti ndi kwa Achewa. Mnzanga wina wa ku Embangweni ataonera anandifunsa funso limodzi lokha: "Ng'ombe za malowolo zili kuti m'nkhaniyi?" Kwa iye sewero lonse linagwa pamenepo, ndipo uthenga wathu woteteza amayi amasiye sunafike kwa anthu amene tinkawafuna. Chikanatipulumutsa ndi chinthu chaching'ono: kupereka pepalalo kwa munthu mmodzi wa kumeneko tisanayatse kamera.

Ena adzakuuzani kuti Amalawi timaseka tokhatokha, musatilande nthabwala. Ali ndi mfundo. Asuweni amanyozana pa ukwati mpaka misozi ya chiseko, ndipo ku Zambia Angoni ndi Abemba amatonzana ngakhale pa maliro popanda wokwiya. Ine sindikufuna kanema wouma, womwe aliyense akuyankhula Chichewa cha m'buku. Zimenezo zingakhale kubwerera ku 1968. Koma chisuweni chili ndi lamulo lake: wonyozedwa ali pomwepo ndipo amabweza. Pa kanema, agogo a ku Machinga sangabweze. Zakomera mbuzi kugunda galu. Ndipo wonena kuti "ndi sewero chabe" akumbukire kuti Amalawi anamudziwa Michael Usi kudzera mwa Manganya wa mu Tikuferanji, sewero la bungwe la ADRA, zaka zambiri asanakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Chimene chimalowa m'nyumba za anthu sabata ndi sabata chimakhazikika m'mitima mwawo.

Ine masiku ano ndikalandira pepala la sewero ndimaliyesa motere. Ndimasinthanitsa malilime: dokotala ayankhule mopendekera ku Chisena, mlonda ayankhule cha ku Namiwawa. Nkhani ikakhalabe yoseketsa, ndiye kuti nthabwala inali pa zochita za munthu, pa dyera, pa bodza, pa mantha, zomwe tonse tili nazo. Ikafa, ndiye kuti chomwe timaseka chinali mtundu wa munthu. Kenako ndimafunsa kuti woyankhula cha kwawoyo akudziwa chiyani chomwe enawo sadziwa. Msodzi wa ku Makanjira amadziwa mwera usanafike. Mlimi wa mpunga wa kilombero ku Karonga amadziwa mtengo wa thumba ku Songwe ndi ku Mzuzu tsiku lomwelo. Mayi wa ku Nkhata Bay amadziwa kuti chinangwa cha kondowole chakhala m'madzi masiku okwanira pongochigwira. Muikeni munthu wotere kuti ndiye aphunzitse mwana wa bwana, muona kuti uthengawo anthu aukumbukira, chifukwa sanauonepo. Ndipo ngati akufuna kuyankhula Chitumbuka kapena Chilomwe chenicheni, musiyeni ayankhule, mulembe tanthauzo m'munsi mwa kanema. Timaonera mafilimu a ku Nigeria ndi a ku India tsiku lonse, sitingalephere kumvera wa ku Phalombe kwa mphindi imodzi.

Zinthu zikusuntha, ngakhale pang'onopang'ono, ndipo zikusunthira pansi. Mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, Voice of Livingstonia ku Mzuzu, Tuntufye ku Karonga ndi Nyathepa ku Nsanje aonetsa kuti malonda amayenda bwino m'chiyankhulo cha eni dera. Achinyamata akujambula timasewero pa foni m'Chitumbuka ndi m'Chiyao n'kumaika pa Facebook ndi TikTok, ndipo kumeneko woseketsa ndi mwini chiyankhulo, akuseka za kwawo ndi anthu a kwawo. Makampani amaona ziwerengero za oonera, ndipo ndalama zawo zimatsata kumene kuli anthu.

Inu musangodandaulira m'nyumba. Mukaona uthenga wotere, lembani tsiku, nthawi ndi kanema wake, kenako lemberani kampani yotsatsayo, osati kanema yekha, chifukwa mwini ndalama ndiye amamveka. Musatukwane. Auzeni zimene mwandiuzazi, mawu a mwana wanu momwe anawanenera, ndipo muwakumbutse kuti inunso ndinu kasitomala wawo. Kalata yotere imazungulira m'maofesi kuposa momwe mungaganizire, poti ambiri okhala m'maofesimo nawonso ali ndi agogo kumudzi. Zikafika ponyoza mtundu poyera, bungwe la MACRA, lomwe limapereka ziphaso kwa mawailesi ndi makanema, limalandira madandaulo a anthu.

Za mwanayo, musamukalipire. Mukamukalipira adzangophunzira kubisa chiseko, maganizo akhala omwewo. Poyamba muuzeni kuti ulonda si ntchito yochititsa manyazi, chifukwa mukangoti "agogo ako si mlonda" mwavomereza theka la bodzalo. Kenako mufunseni kuti iye amadziwa ziyankhulo zingati, ndipo agogo amadziwa zingati. Muuzeni kuti Bakili Muluzi, amene analamulira dziko lino kuyambira 1994 mpaka 2004, kwawo ndi ku Machinga komweko. Mukamaonera limodzi, muzimufunsa timafunso tating'ono: wanzeru ndani apa, wosekedwa ndani, chifukwa chiyani? Ana a msinkhu umenewo amagwira msanga, posachedwa ndiye adzayamba kukulozerani.

Koma mankhwala enieni ali ndi agogo omwewo. Apempheni kuti amusimbire nthano m'Chiyao, usiku, kanema atazimitsidwa, inu muzimasulira pokhapokha pomwe wasochera. Amve m'mene mawu amayendera mkamwa mwawo akakhala pa bwalo lawo. Ndiye iye ayesere kubwereza, apunthwe, agogo amuwongolere. Ngati abwerera kale ku Machinga, muphunzitseni moni wa m'mawa, "Ajimwiche uli?", ndi wa kwa bambo ake, "Mwawuka uli?", ndipo Loweruka likubwerali muwaimbire agogo a mbali zonse ziwiri, foni mumupatse iyeyo kuti ayambe ndiye kulonjera.